Tomato Wofiira wa ku Kasakula

Ku Lilongwe ndapitako kambiri, koma ulendo umene umandibwererabe m'mutu ndi wa dzinja lija tinanyamula tomato pa lole ya aSaidi. Tinanyamuka kwathu awiri, ine ndi amuna anga, bambo a Mwayi. Ndisanafike pa za matope ndiyambe ndanena chimene tinkapitira.

Kwathu ndi kuseri kwa Kasakula, kumapiri kumene nthaka yake siikana mbewu. Mbatatesi, nyemba, anyezi, tomato, chilichonse chimabereka. Vuto n'lakuti ukakolola umasowa wokugula. Tsiku la msika aliyense amabwera ndi tomato wake, ndiye mumangoyang'anana ogulitsa okhaokha mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kuyamba kugulitsa mulu wonse pa mtengo wa bokosi la machesi. Mavenda a m'tauni amatipeza chilimwe chokha, ndipo akafika mtengo amatchula okha, ati msewu wathu umawathera matayala.

Bambo a Mwayi anali atatopa nazo. Msuweni wawo wa ku Joni ankawaimbira mwezi ndi mwezi kuti ntchito ilipo, tikiti ya basi awagulira, angonena tsiku. Pasipoti anapangitsa kalekale, inkakhala m'sutikesi pansi pa bedi pamodzi ndi kalata yathu ya ukwati. Ine ndinkakana kwamtuwagalu. Amuna a m'mudzi mwathu amene anapita ku Joni ndikuwadziwa bwino. Chaka choyamba amatumiza mabulangete ndi mafoni, chachiwiri amatumiza moni, chachitatu za iwo umangomvera kwa anthu. Ndipo Mwayi wathu, mtsikana mmodzi yekhayo, anali atangoyamba kumene sitandade 3.

Ndiye alangizi a zaulimi atatipezera Mayi Gondwe a ku Lilongwe, amene amaperekera ndiwo m'mahotela ndi m'sukulu zogonera konko, ndinagwira pomwepo osafuna kutaya. Mayiwo anati tomato wa dzinja amasowa. Tikawafikitsira madengu makumi awiri Lachinayi dzuwa lisanafike pamutu, ali bwinobwino, azitigula sabata iliyonse. Tikalephera apeza ena, poti hotela siidikira munthu. Bambo a Mwayi anandiuza maso ndi maso kuti msika umenewu ukatheka, za ku Joni aziiwala, koma ukakanika ndisadzawaletsenso. Ndinavomera msangamsanga, poti mumtima ndinkaona ngati tawina kale.

Tinakangana pothyola. Kalabu yathu ya alimi ili ndi mabanja asanu ndi awiri, wapampando ndine, ndipo Lachiwiri tonse tinalowa m'minda. Bambo a Mwayi ankati tithyole wongoyezuka kumene, wolimba, akapsere m'njira. Ine ndinati zimenezo ayi. Kwathu mlendo sumupatsa chinthu chosapsa. Ngakhale pa masika ku tchalitchi munthu umasankha dzungu lokhwima ndi tomato wofiira psuu, osati zoti abusa akavundike okha. Nanga mayi woti akutiona koyamba tikamuonetse zobiriwira, akati anthu a ku Ntchisi ndi amtundu wanji? Amayi anzanga onse anali mbali yanga. Abambowo anangoti chabwino, anena apampando, n'kupitiriza kuthyola wofiirayo. M'madengu tinayalamo udzu wouma ndi masamba a nthochi, n'kumasanja mmodzimmodzi ngati mazira.

ASaidi ali ndi golosale pa Kasakula, ndipo amapita m'tauni ndi lole yawo kukaoda katundu. Poyamba anakana, ati dzinja lino lole yawo yaona zokwanira. Titawachonderera anavomera, koma mtengo wake anauwirikiza, ndipo sitinatsutse poti lole ina panalibe. Njira zinalipo ziwiri: kuzungulira ku boma la Ntchisi kukagwira phula la ku Mponela, kapena kudulira kwa Msakambewa kukatulukira ku Dowa. Dizilo anali wosowa, iwo anachita kugula wa m'zigubu, ndiye anasankha yachidule. Anati pofika masana tikhala tikumwa tiyi m'tauni. Ine ndinawerengera kuti tili ndi tsiku lathunthu lapadera, tikagona kwa mlamu wanga ku Kawale, Lachinayi n'kulawirira kwa Mayi Gondwe.

Tinanyamuka Lachitatu kukuyera kumene. Mwayi tinamusiya kwa mchemwali wanga. Kutsogolo kunakhala aSaidi ndi mayi wina woyembekezera amene ankapita kwa makolo ake, ife ena tinakwera kumbuyo ndi madengu. Panali amuna atatu a matumba a nyemba, komanso aphunzitsi Kamwendo, amene anandiphunzitsa ine ndili kamtsikana. Anapuma ntchito, ndipo ulendowu unali wawo wachinayi wokalondola za penshoni ku likulu. Anavala tayi pa lole ya katundu, nsapato atazikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa matope.

Kumapiri kwathu m'mawa kumazizira, ndiye ndinatsamira bambo a Mwayi. Phewa langa linagunda kanthu kophwatalala, kolimba, m'thumba la m'kati la jekete lawo. Sindinafunikire kufunsa. Inali pasipoti. Mtima unangoti phwii. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kumapiri. Kuyambira pamenepo bampu iliyonse ndinkaiwerenga.

Ndipo mabampu ake si ocheza. Msewu wathu dothi lake ndi lakatondo, mvula ikagwa umaterera ngati therere. Madzi anakumba ngalande pakati penipeni, ndiye lole imayenda chopendekeka, tayala lina pamwamba lina m'dzenje. Madengu ankadumpha n'kugwa, ine n'kumawakumbatira ngati ndingawakwanitse onse makumi awiri. Tisanapite patali tinatitimira pa chitunda china. Amuna anatsika, kudula nthambi, kututa miyala, kukankha, lole n'kumangowathira matope kumaso. Aphunzitsi anavula tayi, kuipinda bwinobwino, kundipatsa ine kuti ndiwasungire, n'kukakankha nawo. Pamenepo panatidyera maola awiri.

Titanyamukanso, aphunzitsi anandilozera kachitsulo kopaka penti yofiira m'mphepete mwa munda wa chimanga. Anati chimenecho ndi chikhomo cha anthu oyeza msewu. Iwo anaonapo zikhomo zoterozo katatu pa moyo wawo, ndipo nthawi zonse zimabwera chisankho chikayandikira. Zoyamba zinali zamitengo, chiswe chinadya. Zachiwiri ana anazula. Izi zachitsulo, anatero, bola zikhalitsa, anthu azimangirirapo mbuzi. Amuna a nyemba aja anaseka. Ine kuseka kunandikanika.

Dzuwa litakwera tinafika pa mtsinje wina kumalire a Ntchisi ndi Dowa. Mlatho wake wamatabwa unali utakokoloka mbali imodzi, ndiye magalimoto ankawolokera kumunsi, m'madzi momwe. Tsoka ilo, lole ina ya feteleza inali itatitimira pakati penipeni kuyambira dzulo lake, n'kutseka njira yonse. Tsidya lino panali kale mapikapu awiri, tsidya linalo thalakitala. Amuna a m'mudzi wapafupi anali pomwepo ndi makasu, akutsitsa matumba a feteleza m'mapewa limodzilimodzi, ndipo galimoto iliyonse yofuna kuwoloka inkayenera kuwapatsa kangachepe. Mmodzi wa a nyemba aja ananong'ona kuti anthu amenewa safuna n'komwe mlatho ukonzedwe. Mwina n'zoona, kaya. Ine sindinawade. Nawonso chimanga chawo alibe kokagulitsa, ndiye dzenjelo ndilo linasanduka munda wawo.

Tinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lisanafike pamutu mpaka kupendeka. Abale, kudikira kumawawa ukamadziwa chimene chikuchitika pansi pa tenti yophimba madengu. Dzuwa la dzinja likatuluka limaotcha ngati lili ndi mangawa, ndipo tomato wakupsa safuna kutentha. Ndinavundukula tenti kuti mupite mphepo. Posakhalitsa kunachita mdima, mvula n'kuyamba, ine n'kuvundikiranso. Itakata, dzuwa lija n'kubwereranso. Ndinachita zimenezi katatu mpaka aSaidi anandiuza kuti mayi khalani pansi, muyamba ndinu kuphwanyika tomato asanaphwanyike.

Amayi a m'mudzimo anabwera ndi chimanga chootcha ndi zitumbuwa, ndipo anthu anakhala pansi pa mtengo wa mkuyu n'kumacheza za msewu, poti nkhani ina panalibe. ASaidi anadandaula kuti pa Kasakula anthu amawanena kuti ndi wakuba chifukwa shuga ndi sopo wa m'golosale mwawo n'zodula kuposa ku Mponela, osadziwa kuti ulendo uliwonse amabwerako ndi chitsulo chothyoka. Dalaivala wa pikapu anati iye mafuta amene amathera pa kamtunda aka, pa phula angafike nawo ku Dedza. Kenako aphunzitsi anafotokoza zimene anaona ali pa ntchito. Ati kunabwera anthu a boma ndi mapepala, anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi sukulu kuwerenga magalimoto odutsa, kuti akaone ngati msewuwo ukuyenera phula. Anakhala masiku angapo n'kumangoona njinga ndi ngolo.

"Ndiye anakalemba kuti kuno kulibe magalimoto, phula likathiridwe kumene magalimoto ali," anatero aphunzitsi. "Ndinawafunsa kuti ana anga, galimoto idutse bwanji poti msewu palibe? Anandiyankha kuti iwo anangotumidwa kuwerenga."

Bambo a Mwayi sanali nafe pansi pa mtengopo. Anali ku mtsinje, mathalauza atapinda, akuthandiza kusenza feteleza wa eni ake kuti njira itseguke msanga. Ndinkawaona akuthamanga ndi thumba paphewa, ndipo ndinadziwa kuti nawonso sakufuna kupita. Zimenezo zinandipweteka kuposa pasipoti ija.

Tinawoloka dzuwa litapendeka. Anthu anawomba m'manja, ine n'kuyamba kuwerengera kuti ngakhale titafika mochedwa, Lachinayi likadali lathu. Tinangoyenda pang'ono m'dera la kwa Msakambewa, tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje lobisika ndi madzi, ndipo tinamva kuti thoo! Lole inakhalira mbali imodzi. Madengu atatu anagubuduzika n'kukagunda matumba a nyemba. ASaidi anatsika n'kusuzumira pansi. Chitsulo chonyamula katundu, sipuling'i, chinali chitathyoka. Anatumiza wa njinga yamoto ku Dowa kukafuna china, iwo n'kuyala kamkeka pambali kuswali. Mayi woyembekezera uja abale ake anadzamutenga pa njinga. Ife otsala tinagona pa khonde la kasitolo kena, eni ake anatibwereka mphasa.

Kutacha ndinapita ku lole, ndipo ndisanafike ndinamva fungo. Pansi pa lole panali patadontha madzi ofiira, ntchentche zili ng'waa. Tinatsitsa madengu ine ndi bambo a Mwayi n'kuyamba kusankha. Wapamwamba ankaoneka bwino, koma ukapisa dzanja m'kati unkangomva phala. Wophwanyika tinkaponya m'ngalande, nkhumba za m'mudzimo n'kutipeza. Ndinkadikira kuti abambowo anene kuti ndinanena ine, thyolani wolimba. Akanatero bola, ndikanawayankha, tikanakangana, mtima ukanapepuka. Koma iwo ankangopukuta tomato wotsalayo ndi mpango wawo n'kumasanja.

Foni pamalopo inkagwira ukakwera pa chulu. Ndinakwera ndi chitenje changa chamatope n'kuwaimbira Mayi Gondwe. Anandimvetsera bwinobwino, n'kunena kuti adikira mpaka masana, kupitirira apo sangathe. Wa njinga yamoto uja anabwera chimanjamanja, ati chitsulo cha mtundu umenewo ku Dowa kulibe. Ndiye aSaidi anadula mtengo wa bulugamu, kuulowetsa pamene panathyokapo, kumanga ndi malegeni ndi waya, n'kutiuza kuti tipemphere aliyense m'chipembedzo chake. Tinayenda ngati tikuperekeza maliro.

Phula tinaligwira ku Dowa dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Koma inu, kusiyana kwake. Phokoso lonse linangoti zii, madengu anakhazikika, aphunzitsi mpaka anagona tayi ili m'khosi. Ine ndinkayang'ana m'mbali mwa msewu. Nyumba zamalata, zigayo, mashopu, amayi atayala tomato wawo m'mabeseni, magalimoto n'kumaima okha kudzagula. Dothi lake lomwe lathu lija, mwinanso lathu n'labwino. Anthu ake olima ngati ife, osatiposa mphamvu kapena nzeru. Ndinachita nsanje, ndisaname, nsanje yeniyeni.

Pa Lumbadzi apolisi anatiimika, kuzungulira lole, kuloza mtengo wa bulugamu uja, ndipo aSaidi anakambirana nawo nthawi ndithu kuseri kwa lole tisanapitirire. Kuyambira ku Kanengo ndiye ndinangoti kukamwa yasa. Msewu wotakata magalimoto kuyenda atatu mbali imodzi, magetsi m'mbali, penapake msewu wina kudutsa pamwamba pa unzake. Aphunzitsi anadzuka n'kunena kuti simenti ya chipilala chimodzi chokha cha msewu wapamwambawo ikanatimangira kamlatho kathu kaja n'kutsalako. Sindikudziwa ngati masamu awo anali olondola. Sindikuti a m'tauni asakhale ndi misewu, nawonso ndi anthu. Koma tomato amene amadya m'mahotela awowo samera pa phula.

Kwa Mayi Gondwe tinafika cha m'ma thuu koloko masana. Anali mayi waulemu, anatipatsa madzi akumwa tisanayambe nkhani. Kenako anapisa dzanja m'dengu loyamba, n'kulitulutsa lili chonyowa. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa madengu makumi awiri aja, oti n'kuonetsa munthu anakwana asanu. Pakona pa shedi yawo panali makireti a tomato wina, wouma bwino, wonyezimira. Anati atadikira mpaka masana anaimbira bambo wina wa kufupi ndi Mponela.

Ndinayandikira makireti aja. Tomato wake anali wofiira psuu, ngati wathu yemwe. Ndinafunsa ngati bamboyo amathyola wakupsa choncho.

"Amathyola m'mawa, pakatha maola awiri ali pano," anatero Mayi Gondwe. Anatenga mmodzi wathu, kumudula ndi mpeni, kulawa. "Wanuyu ndi wokoma kuposa uyo, mayi. Koma ine ndikalonjeza hotela, ndilonjeze chiyani? Inu sindikukukanani. Msewu wanuwo ndi umene sindingaudalire."

Anagula madengu asanu aja, mwina mwa chisoni. Otsalawo tinawapereka pa mtengo wongotaya kwa amayi ophika m'malesitilanti a mumsika. Zimene tinapeza zinangokwana kulipira aSaidi ndi kubweza pang'ono kwa mabanja a m'kalabu. Kwa mlamu wanga ku Kawale ndinangodya pang'ono n'kukagona.

Lachisanu m'mawa bambo a Mwayi anandiperekeza kumene aSaidi ankapakira shuga ndi sopo, lole atawotcheretsa. Njira yonse ndinkakonza mawu, koma titafika anandithawa onse. Ndinangoti ndinalakwa ndine, tikanathyola wolimba uja bwenzi zitatheka, asapite ku Joni, andipatsenso mpata umodzi.

"Simunalakwe, mayi a Mwayi," anatero. "Wolimbayo akanafika dzulo lomwelo, masana atadutsa. Ndipo sabata yamawa tikanadzera kuti? Msewu ndi womwewo."

Ndinawakumbutsa kuti mwana sanamutsanzike. Anati akabwerera kukamutsanzika sadzathanso kuchoka, ndipo tidzakhala tonse atatu kumayang'ana tomato akuwolera m'munda. Anali atamuimbira kale msuweni wawo uja, basi inali yonyamuka tsiku lomwelo. Ndinafuna kukuwa, kuwagwira malaya pamaso pa anthu onse aja, koma ndinali nditavomera ndekha ndi pakamwa panga. Anavula jekete lija, kutulutsamo pasipoti n'kuika m'thumba la malaya, jeketelo n'kundiveka ine. Anati kumapiri kuzizira, pamwamba pa lole mphepo ndi yambiri.

Pobwerera tinazungulira ku Mponela, aSaidi atapeza dizilo. Aphunzitsi anali nafe, ku likulu anawauza kuti fayilo yawo sikuoneka, adzabwerenso mwezi wamawa. Phula litatha, matope anatilandira monga mwa masiku onse, ndipo tinatitimira kawiri. Ulendo uno ndinalibe choti ndikumbatire, madengu anali opanda kanthu, ndinangowalowetsana n'kukhalira.

Ndinatsika pa Kasakula Loweruka dzuwa likupendeka, n'kuyamba kukwera phiri wapansi. Mwayi anali pa chulu cha kuseri kwa nyumba ya mchemwali wanga, pamene amakonda kukhala akamadikira. Anaona jekete lija patali n'kuliyatsa liwiro kutsetsereka, akuitana kuti ababa, ababa. Atayandikira anaima. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana njira kumbuyo kwanga.

Tomato ndikulimabe, wochepa, wongogulitsa pa Kasakula. Mabanja awiri a m'kalabu anasamukira kufupi ndi Mponela kukachita lendi minda, ndipo kalabuyo inangotsala dzina. Zikhomo zachitsulo zija zilipobe, ndipo n'zoona, anthu akumangirirapo mbuzi. Chaka chatha bambo a Mwayi anatumiza mabulangete awiri ndi foni. Chaka chino akumatumiza moni.